Kuyeza Tsamba ku Kuiseb

Ndimadzuka nkhungu isanachoke.
Imabwera usiku kuchokera kunyanja, yopanda mapazi,
n'kugona pamilu ya mchenga ngati bulangete lonyowa.
Kuno ku Namib mvula ndi mlendo wosatchula tsiku;
nkhunguyi ndiye mnansi wogogoda m'mamawa.

Pamsana pa mulu ndapeza kachirombo kakuda
katazondoka, matako kumwamba,
kakudikira dontho litsetsereke mpaka kukamwa.
Ndili mwana ndinkakaseka.
Lero, botolo la madzi lili m'chiuno,
ndimakavulira chipewa.

Zida zanga ndi kope, pensulo ndi tepi.
Ndimagwada pa welwichiya, chomera cha nambala seveni,
chimene obwera ndi ngolo za ng'ombe adachitcha
Masamba-Awiri-Sindifa.
Masamba awiri okha chibadwire,
ong'ambika ndi mphepo, opserera kunsonga,
koma kutsinde akutulukabe, mwakachetechete.
Mwezi uno lawonjezera ngati chikhadabo.
Ndalemba.

Chomerachi sichilankhula, komatu chidaona.
Chidaona asilikali a ku Jeremani
akukoka akavalo otupa malilime.
Chidamva za anthu okwawa ndi maondo kumwera
kusaka dayamondi pakuwala kwa mwezi,
nyumba zawo mchenga udalowamo osaodira.
Kenaka wina, ali pampando kutali,
adajambula mzere pamapu:
kuyambira lero kuno ndi kwa nyama.
Ife Atopinara tinali m'katimo kale,
ndi mbuzi, ndi zitsime, ndi manda.
Mzerewo sudatifunse.

Bambo anga, Gotlieb,
adapha orikisi imodzi m'chaka chouma
pamene ana tinkanyambita mphika wopanda kanthu.
Chindapusa chidadya abulu awiri.
Adakoka okha ngolo kuchokera ku Walvis Bay,
ndipo sabata lathunthu pakamwa padali ndii.
Lero mwana wawo ndavala malaya a boma,
ndikuwerenga orikisi zomwezo:
dzulo makumi atatu ndi imodzi,
nyanga zili njoo ngati mikondo yoiwalika,
zitaima pamwamba pa mulu kupempha kamphepo.
Akadandiona, kaya akadaseka,
kaya akadalavulira pansi.
Funso limeneli ndimayenda nalo m'thumba
limodzi ndi makiyi a galimoto.

Mtsinje wathu umagona pansi pa mchenga.
Alendo amafunsa: madzi ali kuti?
Ndimawalozera misangu yobiriwira m'khwawa;
mizu ndiyo idziwa adiresi.
Chaka china umadzuka, wofiira, waukali,
n'kukokolola milu yofuna kuwoloka,
masiku asanu, mwina asanu ndi limodzi,
basi wabwerera kutulo.

Kumunsiko mlongo wanga Hendrina
akugogoda nara ndi kamtengo kuti amve yakupsa:
chipatso chaminga ngati chipwete,
pachitsamba chopanda ndi tsamba limodzi lomwe.
Amazifwafwaza m'diramu lodulidwa pakati,
njere n'kuziyanika pamchenga wotentha.
Amatukwana nkhandwe yomubera usiku.
Ndimamuuza kuti, mayi iwe, wakubayo ndiye mlimi wako,
amadya apa, n'kukadzala uko ndi ndowe zake.
Amandigenda ndi khoko.

Masana dzuwa likafika paliwombo
buluzi amavina, kukweza miyendo iwiri iwiri
ngati waponda pachiwaya.
Mphiri imadzikwirira, kusiya maso okha.
Nthiwatiwa ili kutali, ikusambira m'madzi abodza.
Ine ndimabisala pansi pa galimoto
n'kutsegula kope tsamba loyamba.

Pamenepo pali dzanja la Eliaser,
amene ankayeza ine ndisanabwere.
Seveni wake ngati khasu lopindika.
Adagona zaka zisanu ndi zinayi zapitazo;
chomera sichidalire, chidangowonjezera chikhadabo.

Pofika madzulo mphepo yasesa mapazi anga onse.
Kopeli latsala masamba anayi.
Mawa ndikapempha lina ku ofesi,
lachikuto cholimba,
loti lidzakwanire ndi wodzagwada pano
mawondo anga akadzakana.